Kukhazika Mtima Pansi: Zimene Ndaphunzira pa Gombe la Chitimba

Akonzi a magazini ano anandipempha kuti ndilembe nkhani ya kwathu, ndipo ndikhulupirira kuti anali kuyembekeza kuwerenga za usipa kapena za makhota a mseu wa Gorodi. Andikhululukire, pakuti ndasankha chinthu china chimene ndakhala ndiri kuchiphunzira kwa miyezi yambiri tsopano, ndicho luso la kukhala chete ndi kukhazika mtima pansi, limene m'mabuku a Chingerezi amalitcha meditation. Ndidziwa kuti anyamata ena a m'Fomu 4 aseka poona mutu umenewu, nadzati, "Kodi kukhala chete nalonso ndi phunziro?" Inenso ndinali kuseka chomwecho. Koma ndipempha kuti muyambe mwamva m'mene ndinalowera m'zimenezi, ndipo mukatha museke ngati mufuna.

Kwathu ndi ku Chitimba, m'boma la Rumphi, pamalo pamene phiri ndi nyanja zayandikana kwambiri kotero kuti mseu waukuru wopita ku Karonga ungodzipanikiza pakati pao. Kum'mawa kuli nyanja. Kumadzulo kuli phiri la Chombe ndi chitunda cha Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, atayamba wakhala ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Ife a m'munsi tinakulira pakati pa mau a mitundu iwiri: m'mawa wa Sabata belu la tchalichi, ndi usiku ng'oma za vimbuza zomveka kuchokera ku midzi ya m'mapiri. M'nyumba mwathu momwe mau awiriwa alimo. Adada ndi mkuru wa mpingo, ndipo agogo, amai ao a adada, anabvinapo vimbuza ali ndi ana awiri, nati ndizo zinawachiritsa mutu umene unawabvuta zaka zitatu.

M'mwezi wa June 2025 mwera unaomba kwambiri. Mkuru wanga, amene ndinapondana naye, anapita usiku ndi anzache kukakoka chilimira, ndipo mphepo inawapeza ali kutali. Bwato lao linatembenuzika. Anzache anagwirira bwatolo mpaka kunacha, napulumuka. Iye anampeza tsiku lachitatu.

Chimene chiyenera kunenedwa pano ndi chimene chinandichitikira pambuyo pa maliro. Usiku uli wonse ndinali kudzidzimuka pakati pa tulo, mtima uli kugunda ngati ng'oma, pachifuwa pali polemera ngati wina waikapo mwala wa mphero, ndi m'manja muli thukuta lozizira. M'kalasi ndinali kumva mau a aphunzitsi monga amamvera munthu amene ali pansi pa madzi. Pa mayeso otsiriza Fomu 3 ndinawerenga funso loyamba la Masamu kasanu osalimvetsa, kufikira belu linalira pepala langa liri loyera. Ine amene ndinali kukhala pakati pa asanu oyamba ndinatsikira kufupi ndi kumchira. Adada poona lipoti anandiuza mosabisa kuti, popeza wowathandiza pa ndalama wapita, iwo sangathe kugulitsa chinangwa ndi mpunga chifukwa cha mwana amene sakhoza. Teremu yoyamba ya Fomu 4 ikadzakhala chomwecho, ndidzabwerera kunyanja. Kunyanja komwe kunali kundiopsa ngakhale kungokuyang'ana!

Tinakwera makhota onse makumi awiri kupita ku chipatala cha David Gordon Memorial ku Khondowe. Anandiyesa magazi, malungo sanapezeke. Anandimvera pachifuwa, nati mtima ulibe chirema. Adokotala anati ndi nkhawa yodza ndi chisoni, ndi kuti ndibwerenso ngati siichepa. Titafika kunyumba mkangano unabuka.

"Mwana uyu ali ndi mphepo," anatero agogo. "Muimbireni ng'oma, zituruke zimene ziri m'chifuwamo."

"Amama, pakhomo pano ng'oma imeneyo siidzalira ine ndiri moyo. Tidzampempherera."

"Pempherani, mwana wanga, sindikukanizani. Koma mzukulu wangayu ali kutha ngati sopo."

Ine ndinali pakati pao ngati mbuzi ya pa mlandu, imene saifunsa maganizo.

Pa tchuthi chomwecho ndinapeza ganyu yotsuka mbale pa malo ena ogona alendo a pa gombe lathu, pamene amaima magalimoto akuru a Azungu oyenda ulendo wa pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Panali mai wina wa ku Ulaya amene anatsalira masabata awiri. M'bandakucha uli wonse anali kukhala pamchenga atapinda miyendo, msana uli chiriri, maso ali otsinzina, osagwedezeka kwa theka la ola. Anyamata tinali kunena kuti ali kupembedza nyanja. Tsiku lina ndinalimba mtima ndi kumfunsa, ndipo anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Ndipempha owerenga azisiyanitse bwino, pakuti ine ndinachedwa kuzisiyanitsa ndipo zinandibvutitsa.

Choyamba chinali chapafupi. Khala tsonga, pumira m'mphuno, nuwerenge mpweya uli wonse woturuka kuyambira 1 mpaka 10. Maganizo akathawa, monga adzathawa ndithu, usadzidzudzule, ungoyambanso pa 1. Chachiwiri chinali chodabwitsa. Anandiuza kuti ndipume mofulumira ndi mokoka kwambiri kambiri-mbiri, kenaka ndiyandikize zikhato zanga popanda kuzigundanitsa. Zala zanga zinayamba kunyerenyetsa ngati muli kuyenda nyerere, milomo inachita dzanzi, ndi mutu unapepuka. Iye anati imeneyo ndiyo mphamvu ya moyo yodzaza dziko lonse, ndi kuti anaphunzira luso lotchedwa Reiki, limene analiyambitsa Mikao Usui ku Japan m'chaka cha 1922, la kumva mphamvu imeneyi ndi manja ndi kuitsegulira njira pamene yatsekeka. Anaika manja ache pafupi ndi chifuwa changa, osandikhudza, nati pali mfundo. Ndinamva kutentha, ndipo ndinalira misozi imene sindinalire pa maliro.

Maiyu sindimseka iai. Sanandipemphe ngakhale tambala imodzi, ndipo anali munthu woyamba kukhala nane osanena kuti, "Limba mtima, ndiwe mwamuna." Koma ndinabwerera ku sukulu ndiri wotsimikiza kuti ndapeza mphamvu yobisika, ndipo ndinayamba kuonetsa anzanga m'nyumba yogonamo. Mnyamata wina wa m'Fomu 1 anapuma mofulumira chomwecho mpaka anachita chizungulire, nagwa, namenyetsa mutu pa bedi. Nkhani inafika kwa aphunzitsi athu a Bayoloje.

Ndinayembekeza chibalo cha kukumba dzenje. M'malo mwache anandikhazika pansi nati, "Mnyamata iwe, wabwera ndi usipa wosanganikirana ndi mchenga. Tiye tiupete."

Zimene anandiphunzitsa ndi izi. Munthu wamkuru akakhala phee amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo mtima wache umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Akaona choopsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi mankhwala otchedwa adirenalini. Pompo mtima uthamanga, mpweya ufupika, thukuta lituruka, kuti munthuyo athe kuthawa kapena kumenyana. Chimenechi ndi chabwino ukakomana ndi ng'ona pa dooko. Bvuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa ng'ona ya m'madzi ndi ng'ona ya m'maganizo, kotero kuti kukumbukira mwera kokha kukwanira kudzutsa thupi lonse pakati pa usiku. Koma m'thupi momwemo mulinso buleki. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus, wochokera m'munsi mwa ubongo kutsikira ku mtima, ku mapapu ndi m'mimba, umene nchito yache ina ndi kubweza liwiro la mtima. Pokoka mpweya mtima ufulumira pang'ono, ndipo pouturutsa ubwerera m'mbuyo. Ali yense angathe kudziyesa yekha: gwira pa mkono pamene pagunda, nupume pang'ono-pang'ono, udzamva. Chotero munthu wopuma mosafulumira, monga kasanu ndi kamodzi pa mphindi, ndi kuturutsa mpweya motalikitsa, ali kuponda buleki ya mtima wache. Ameneyo ndiye usipa.

Tsono mchenga. Ukapuma mofulumira kopitirira muyeso umataya mpweya wa kaboni dayokisaidi wochuluka kuposa umene thupi lifuna kutaya. Pamenepo mitsempha ya magazi yopita ku ubongo ichepa, mutu upepuka, ndi zala ndi milomo ziyamba kunyerenyetsa. Nyerere zimene ndinamva sizinachokere kumwamba kapena m'nyanja iai, zinachokera m'magazi anga omwe. Apa ndiike chenjezo kwa anzanga a m'mbali mwa nyanja, amene timapikisana kukhalitsa pansi pa madzi. Ena amayamba apuma mofulumira chomwechi asanamire, poyesa kuti ali kudzaza mpweya. Chimenecho nchoopsa kwambiri, pakuti kaboni dayokisaidi ndiye amene amakuuza kuti uturuke ukapume. Ukamtaya, okosijeni angathe kukuthera usanamve chenjezo, nukomoka uli pansi pa madzi. Banja lathu lataya kale mmodzi m'nyanja, ndipo sindifuna kuti la wina litaye chifukwa cha masewera.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga mphamvu imene amaimva ndi manja ija, aphunzitsi?" Anandisimbira za mtsikana wina wa sukulu dzina lache Emily Rosa, wa ku Colorado m'dziko la America. Kumeneko kunali anthu ambiri, ena a iwo anamwino, ochita luso lofanana ndi la mai uja lotchedwa Therapeutic Touch, onena kuti amamva mphamvu yozungulira thupi la munthu popanda kulikhudza. Emily, ali ndi zaka 9 zokha, anaimika chochinga pa tebulo, naboola mabowo awiri opisamo manja. Mwini lusoyo anali kupisa manja ache onse awiri osaona tsidya linalo. Emily anali kuponya ndalama m'mwamba kuti isankhe mbali, naika dzanja lache pamwamba pa limodzi la manjawo osalikhudza, ndi kufunsa kuti liri mbali iti. Anayesa anthu 21, kokwana ka 280, ndipo analasa ka 123 kokha, ndiko kuti 44 pa 100. Munthu wongopeka akadalasa pafupi-fupi theka. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 1998 m'magazini a madokotala otchedwa Journal of the American Medical Association, iye ali ndi zaka 11. Mwana wochepa kuposa wa m'Fomu 1!

Loweruka lotsatira tinatenga katoni ya sopo ndi ndalama yachitsulo ya K10, tinayesa ife tomwe. Ine ndinali woyamba, ndiri ndi chikhulupiriro chonse. Nthawi zina ndinalasa, anyamata nakuwa. Nthawi zina ndinamva kutentha kweni-kweni pa dzanja lamanja pamene dzanja la mnzanga linali kumanzere. Powerenga zonse pamodzi, kulasa ndi kuphonya zinangolingana ngati makutu a kalulu. Zinandipweteka, sindinama. Kwa masiku angapo ndinaleka zonse, ndi kuwerenga mpweya komwe, ndipo usiku wa mantha unabweranso monga kale. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti choyamba chija chinali kundithandiza mwakachete-chete, pamene maso anga anali pa chachiwiri.

Ndinayamba kufufuza m'nyumba ya mabuku ndi pa intaneti, aphunzitsi atandibwereka lamya yao. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mitundu yambiri ya anthu inatchula mzimu kapena mphamvu ya moyo ndi liu lomwelo la mpweya kapena mphepo. Ahebri anati ruach, Agriki anati pneuma, Aroma anati spiritus. A ku India amati prana, ndi a ku China amati qi. Ndipo agogo anga, amene sanapite patali ndi sukulu, anati ndiri ndi mphepo. Ndiganiza kuti makolo a mitundu yonseyi anaona chinthu chimodzi, kuti mwana akabadwa ayamba ndi kukoka mpweya, ndi munthu akamwalira atsiriza ndi kuuturutsa, nati moyo ukhala m'menemo.

Kuyang'anira mpweya nkwakale kwambiri. Buddha, amene anakhala kumpoto kwa India zaka zoposa 2,400 zapitazo, anaphunzitsa omtsata ache kukhala pansi pa mtengo ndi kutsata mpweya wao polowa ndi poturuka. Chipembedzo chache chinafika ndi m'Malawi muno, pakuti pafupi ndi Blantyre Abuda a ku Taiwan anamanga malo olerera ana amasiye otchedwa Amitofo Care Centre, pamodzi ndi kachisi wao. Koma tisayese kuti kukhala chete ndi kwa ku Asia kokha. Mu Africa muno, ku Egypt, Mkristu wina dzina lache Anthony, amene anamwalira m'chaka cha 356, anasiya chuma chache nakakhala m'chipululu zaka zambiri kufuna Mulungu, ndipo ambiri anamtsata. Asilamu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota ali ndi sikiri, m'mene amatchula dzina la Mulungu mobwereza-bwereza, mpweya ndi thupi ziri kuyendera pamodzi. Madokotala ndiwo anabwera pambuyo. Dr Herbert Benson wa ku Harvard analemba m'chaka cha 1975 kuti kukhala chete ndi kubwereza liu limodzi kumatsitsa kugunda kwa mtima ndi kupuma, ndipo m'chaka cha 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuphunzitsa odwala lusoli kwa masabata 8 pa chipatala cha University of Massachusetts.

Panatsala nkhani ya agogo. Pa tchuthi cha Khrisimasi anandinong'oneza kuti ku mudzi wina wa m'phiri kuli ng'oma, ndipo ndinapita nao adada osadziwa. Adada akadzawerenga magazini ano, adziwire pomwepa. Kwa anzanga a ku chigawo cha pakati ndi cha kumwera ndifotokoze kuti vimbuza ndi gule wochiza wa Atumbuka. Amishoni akale anali kumletsa, koma m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linamlemekeza monga chuma cha anthu a dziko lonse. Anchimi, ndiwo aneneri ochiza, amabvina vimbuza kuti aone nthenda ya munthu. Wotchuka koposa onse anali Nchimi Chikanga, dzina lache leni-leni Lighton Chunda, wa kufupi ndi Rumphi, amene m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu anali kumlondola kuchokera ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia.

Usiku umenewo wodwala anali mai wamng'ono amene anataya ana awiri motsatizana, naleka kulankhula ndi anthu. Anamkhazika pakati pa nyumba ya nchimi, imene amaitcha thempili. Amuna anali pa ng'oma, amai ndi ana atazungulira, ali kuomba m'manja ndi kuimba. Oimba ng'oma anali kusintha-sintha, pakuti mzimu uli wonse uli ndi kaimbidwe kache, wa Angoni kache, wa mkango kache, ndipo amafuna-funa kufikira atapeza kamene kamgwira wodwalayo. Kwa nthawi yaitali maiyo anangokhala ngati chitsa. Kenaka mapewa anayamba kunjenjemera, mpweya unakwera, nadzuka. Anamubveka madumbo m'chiuno ndi mangenjeza ku miyendo, nabvina mpaka tambala woyamba. Pamene anagwa pansi ndi kutopa amai anamfunditsa nsalu, namsisita pamsana, ndipo ndinamumva ali kutchula maina a ana ache aja, mokweza, pamaso pa mudzi wonse.

Kodi munalowa mzimu mwa iye? Katoni ya sopo ndi ndalama ya K10 sizingayankhe funso limeneli, ndipo ine sindidzanena kuti ndinaona chimene sindinaone. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi: mudzi wathunthu unataya tulo usiku wonse chifukwa cha chisoni cha munthu mmodzi, numpatsa bwalo lakuti alirepo popanda womuuza kuti atonthole. Njira ya mai wa ku Ulaya ndi ya kuziziritsa thupi uli wekha. Njira ya agogo ndi ya kulitenthetsa pakati pa anthu mpaka litatopa ndi kuzizira lokha. Pa zinthu ziwiri zokha ndiima nji. Wodwala malungo, khunyu kapena chifuwa chachikuru asachedwetsedwe pa ng'oma, pakuti nthenda zimenezo ziri ndi mankhwala ao ku chipatala, ndipo kuchedwa kumapha. Ndiponso nchimi ali yense amene ayamba kuloza wina chala kuti ndiye mfiti, ameneyo ali kuonjeza moto pa mudzi, sali kuchiza iai. Ine sindinabvine. Pobwerera agogo anandiyang'ana nati, "Mzukulu wanga, mapewa ako anali kugwedezeka, ndinaona." Kapena analidi kugwedezeka, m'phiri munali kachisanu.

Mphunzitsi wanga wotsiriza ndinali naye pafupi masiku onse osadziwa. Asibweni, alongo ao a amama, ndi siginala, ndiye munthu amene amakhala m'kabwato ka nyali usiku kudikira kuti usipa usonkhane pa kuwala, kuti aitane a chilimira adzauzinge. Ndinawafunsa chimene amaganiza maola onsewo. Anaseka nati, "Muphwa wanga, woganiza sapha usipa. Ukayamba kuwerenga ngongole zako, gulu lidutsa pansi pako osaliona. Ungoyang'ana madzi, maganizo akabwera uwaleke apite ngati utsi wa nkhungu." Sanamvepo za Buddha kapena za Kabat-Zinn, koma mau ao sanasiyane ndi zimene ndinawerenga.

Usiku wina wopanda mwezi, nyanja iri bata, ananditenga. Kanali koyamba kuponda m'bwato chichokere mkuru wanga. Pamene nyali za pa gombe zinayamba kuchepa, mwala wa mphero uja unabwera pachifuwa, ndipo ndinafuna kupfuula kuti tibwerere. M'malo mwache ndinagwira m'mphepete mwa bwato, ndinakoka mpweya ndiri kuwerenga mpaka 4, ndi kuuturutsa ndiri kuwerenga mpaka 6, kawiri-kawiri, osaleka. Mantha sanachoke iai. Koma anakhala pambali panga ngati mlendo wokwera nao, osagwira nkhafi. Patapita nthawi ndinaona usipa woyamba uli kunyezimira pansi pa nyali, ndipo ndinazindikira kuti kwa kanthawi ndithu ndinali kungoyang'ana madzi.

Tinakocheza m'bandakucha. Pofika kunyumba ndinapeza adada ali pakhonde, Baibulo la Chitumbuka liri lotseka pa maondo, maso ali otsinzina, monga amachitira m'mawa uli wonse chibadwire changa. Zaka zonsezi ndinali kuyesa kuti amaodzera. Nditawafunsa anati amawerenga ndime imodzi yokha, kenaka amakhala chete kuti ilowe, nandikumbutsa kuti Ambuye mwini anali kulawira usiku-siku kupita pamalo popanda anthu kukapemphera, ndi kuti Eliya pa phiri la Horebu sanampeze Mulungu m'mphepo yaikuru kapena m'chibvomezi kapena m'moto, koma m'bata limene linatsatapo. Masiku otsala a tchuthi tinali kukhala awiri pakhondepo, iwo ndi ndime yao, ine ndi kuwerenga kwanga, ndipo nthawi zina ndinali kuika mau a pemphero m'malo mwa manambala. Iwo amati ndi pemphero, aphunzitsi amati ndi mtsempha wa vagus, ndipo ine kufikira lero sindinaone ziwirizi ziri kukangana.

Pa mayeso a teremu yoyamba ndinakhala wa nambala 11. Si malo anga akale, koma adada analipira fizi. Mphepo ikaomba pa malata usiku ndimadzidzimukabe. Chosiyana ndi chakuti tsopano ndidziwa chochita, ndipo kawiri-kawiri tulo timabweranso belu lisanalire.

Wofuna kuyesa asankhe nthawi imodzi-modzi tsiku liri lonse, makamaka m'mawa phokoso lisanayambe. Akhale pa mpando kapena pa mphasa, msana uli woongoka. Kupinda miyendo monga mai uja sikofunika, ine maondo anandikana. Ayambe ndi mphindi zisanu zokha. Akoke mpweya m'mphuno, auturutse motalikitsa koma mosadzikakamiza, nawerenge mpaka 10, ndipo akasokera ayambirenso. Kusokerako sikulephera iai, pakuti luso lonse ndi la kubwerera. Ine kufikira tsopano sindinafikepo pa 10 katatu motsatizana osaganiza za kondowole. Ngati pokhala chete zokumbukira zowawa zikula m'malo mochepa, atsegule maso, aleke, nakauze mphunzitsi kapena a ku chipatala; asalimbane nazo yekha. Ndipo asayese kuti kukhala chete kudzamlowetsera Masamu m'mutu. Kumangosesa m'nyumba, katundu ayenera kumlowetsa yekha powerenga.

Tiripo asanu ndi awiri tsopano amene timakomana Lachitatu liri lonse nthawi ya 5 koloko madzulo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labotale, ndipo aphunzitsi a Bayoloje amadzakhala nafe akapeza mpata. Katoni ija tinaisunga. Ali yense amene akhulupirira kuti manja ache amamva mphamvu abwere, tidzamuyesa ka 20 ndi kulemba zotsatira m'kope. Koma adze ndi ndalama yache yachitsulo, pakuti ija ya K10 wina anagulira zitumbuwa.